Pampu ya sola yavuta: poyambira kufufuza musanaizule mu mjigo

Kumene nthambo za ESCOM sizinafike, pampu ya sola ikaima zambiri zimaima nayo: thanki imaphwa, ndiwo zakudimba zimafota, amayi amabwerera kumtsinje ndi zidebe. M'pomveka kuti munthu achite phuma. Koma phuma limeneli n'limene limachititsa ambiri kuitana anyamata kuti azule pampu, poganiza kuti yapsa. Kuzula pampu ndi ntchito yolemetsa, yodula, ndipo chingwe chikaduka pampuyo imatsalira pansi. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala pamtunda pomwepa, pamene maso akuona ndiponso dzanja likufika.

Choncho pofufuza yambirani kumwamba muzitsika: dzuwa, mapanelo, nthambo, kontirola (bokosi lolamulira magetsi opita ku pampu), masensa (tizipangizo touza kontirola za madzi a mu mjigo ndi a m'thanki), mapaipi. Pampu ikhale yomalizira. Pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri, n'kumalizira ndi chosowa.

## Musanagwire chilichonse

Panelo siithimitsidwa. Kuwala kukangoifika, magetsi alipo, ngakhale pampu mutaizimitsa. Panelo imodzi yaikulu imatulutsa mavolti apakati pa 37 ndi 50, ndipo mapanelo akalumikizidwa mondondozana mavoltiwo amaphatikizana. Atatu okha angapitirire 130, ndipo makina akuluakulu a m'masikimu amthirira amafika 500 kapena kuposerapo. Magetsi otere amapha.

- Zimitsani pampu pa kontirola kaye, kenako swichi yaikulu yochokera ku mapanelo. Ngati swichiyo palibe, phimbani mapanelo onse ndi makatoni kapena mabulangete ochindikala, ndipo muyeze musanakhudze waya.
- Musalekanitse zolumikizira za MC4 (timapulagi tapulasitiki ta pa nthambo za mapanelo) pampu ikulira. Zimathetheka moto wosazima msanga.
- Mukazimitsa, dikirani mphindi zosachepera 5 musanatsegule kontirola, chifukwa imasunga magetsi kwa kanthawi.
- Manja akhale ouma. Mabingu akayamba kugunda, chokanipo.

Palinso ntchito ina imene ndikupempha aliyense aichite lero, pampu ikadali bwino. Tsiku lopanda mitambo, dzuwa lili paliwombo, tengani chigubu cha malita 20, mutchere pa paipi yolowa m'thanki, muwerenge masekondi mpaka chidzaze. Gawani 72,000 ndi masekondiwo, mupeza malita amene pampu ikutulutsa pa ola. Chikadzaza m'masekondi 60, ndiye malita 1,200 pa ola. Lembani nambalayi mkati mwa chitseko cha bokosi la kontirola, pamodzi ndi mavolti amene ikuonetsa nthawi yomweyo, kuya kwa mjigo ndi mamita amene pampu inatsitsidwa. Popanda manambala amenewa, mawu oti "madzi achepa" amangokhala ongoganizira.

## 1. Pampu siikulira n'komwe

Yang'anani nyale za pa kontirola, chifukwa zimagawa vutoli pawiri.

Ngati nyale zonse zazima, magetsi sakufika:

1. Swichi yaikulu kapena bureka yagwa, mwina wina anaizimitsa osanena. Ikwezeni kamodzi. Ikagwanso, musaikakamize.
2. Cholumikizira cha MC4 chamasuka kapena chapsa. Lowani kunsi kwa mapanelo muziona chimodzichimodzi. Chopsa chimakhala chofiirira, chopindika, ndipo chimanunkha pulasitiki. Chimenecho n'chosintha, si chomanga ndi tepi.
3. Nthambo yadulidwa. Makoswe amatafuna, mbuzi zimakoka zolendewera, ndipo yokwiriridwa popanda paipi imakumana ndi khasu nthawi yolima. Tsatirani nthamboyo kuyambira ku mapanelo mpaka ku kontirola.
4. Fyuzi yapsa. Ikani ya nambala yofanana ndi yakaleyo. Kuika kawaya m'malo mwa fyuzi ndiye kupereka kontirola kumoto.
5. Kontirola yafa, makamaka ngati kunali mphenzi.

Ngati muli ndi multimeter (mita yoyezera magetsi) ndipo mumaidziwa, yezani mavolti ochokera ku mapanelo pampu itazima. Kumbuyo kwa panelo iliyonse kuli pepala lokhala ndi nambala ya Voc, yomwe ndi mavolti a paneloyo pamene palibe chikukoka magetsi. Ichulukitseni ndi chiwerengero cha mapanelo amene ali pamzere umodzi. Panelo yotentha imatsika pang'ono, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo zimenezo si vuto. Mukapeza 0, mzere waduka penapake. Mukapeza mavolti okwanira koma kontirola ili chete, ndiye kuti vuto lili mwa iyoyo.

Ngati nyale zikuyaka koma pampu ili duu, kontirola ikukana dala. Kabuku kake kamafotokoza tanthauzo la nyale iliyonse, ndipo Lorentz, Grundfos ndi mapampu otsika mtengo ochokera ku China ali ndi zizindikiro zosiyana, choncho musatengere za mnzanu.

1. Ikuganiza kuti thanki yadzaza. Kachipangizo koyandama ka m'thanki kakodwa m'mwamba, kapena waya wake wachita shoti. Kwerani mukagwedeze ndi dzanja. Kakatsika pampu n'kuyamba, mwapeza.
2. Ikuganiza kuti mjigo waphwa. Mwina waphwadi, mwina waya wa sensa waduka. Dikirani ola limodzi muone ngati iyambe yokha.
3. Dzuwa silinakwane. M'mawa kwambiri, madzulo, kapena kukachita chiperoni, pampu ina siyamba ndipo palibe chimene chawonongeka.
4. M'kontirola mwalowa alendo. Mukatsegula mumapeza nyerere zaunjika dothi pa tizitsulo, mavu amanga, kapena buluzi wauma atagona pamawaya awiri. Chotsani ndi kaburashi kouma magetsi atazima, mutseke mabowo olowera nthambo.
5. Pampu yagwidwa ndi mchenga kapena mota yapsa. Apa m'pa mmisiri.

Mmisiri angadumphitse sensa ya mu mjigo kwa mphindi imodzi kuti aone ngati ndi imene ikunama. Koma musalole kuti aisiye chidumphitsire. Ndaona mapampu abwinobwino akutha chifukwa cha zimenezi, ndipo mtengo wa sensa sufika n'komwe pa mtengo wa pampu.

## 2. Madzi akutuluka, koma achepa

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndiponso ndi limene limatha popanda ndalama nthawi zambiri. Bwerezani muyeso wa chigubu uja masana, muyerekeze ndi zimene munalemba.

Fumbi ndi zitosi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimamatira pagalasi. Mukayendetsa chala n'kusiya mzere, mapanelo akufuna kutsukidwa. Tsukani m'mawa kusanatenthe, ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa. Musathire madzi ozizira pagalasi lotentha ndi dzuwa, musakhule ndi mchenga kapena sitiliwulu, ndipo musaponde panelo. Chitosi chimodzi cha khwangwala chouma pakona chimachepetsa mphamvu kuposa mmene kukula kwake kumaonekera.

Mthunzi. Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa anthu savomereza msanga. Mapanelo olumikizidwa mondondozana ali ngati anthu opatsirana njerwa pamzere: mmodzi akachedwa, mzere wonse wachedwa. Choncho mthunzi wa nthambi imodzi pa panelo imodzi umabweza m'mbuyo onse. Chimene chimasokoneza n'chakuti mthunzi umasuntha ndi nyengo. Cha mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni, ndipo malo amaoneka oyera. Pofika Juni lapendekera kumpoto, ndipo mtengo wa mango, nsungwi, khoma kapena thanki yomwe ili kumpoto kwa mapanelo imayamba kuponya mthunzi pamene kale panalibe. Mitengo nayonso imakula. Imani pamalopo 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko, muone ndi maso. Sadzani nthambi, ndipo ngati chotchinga ndi chosasunthika, sunthani mapanelo.

Koyang'ana mapanelo. Malawi ali kummwera kwa equator, choncho mapanelo ayang'ane kumpoto, atapendekeka pafupifupi madigiri 15. Ogona chathyathyathya amasunga fumbi ndi madzi. Onaninso ngati mphepo sinakhotetse chitsulo chowanyamula.

Nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, chiperoni chimatha kuphimba dzuwa masiku angapo otsatizana. M'dzinja mitambo imachitanso chimodzimodzi. Mankhwala ake si kukonza pampu, koma thanki yosunga madzi a masiku awiri kapena atatu.

Kudontha ndi kutsekeka kwa mapaipi. Yendani m'njira ya paipi. Pamene pamera udzu wobiriwira m'chilimwe, kumbani. Ngati pali sefa, itseguleni muitsuke. Kageji koyeza mphamvu ya madzi pakamwa pa mjigo kamathandiza kwambiri, chifukwa mamita 10 aliwonse okwera amaonetsa pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa pa gejiyo). Geji ikakwera kuposa masiku onse madzi ali ochepa, kutsogolo kwatsekeka. Ikatsika madzi alinso ochepa, vuto lili ku magetsi, ku paipi ya mu mjigo kapena ku pampu.

Madzi atsika pansi. Mu Okutobala ndi Novembala madzi a pansi pa nthaka amakhala atatsikitsitsa, ndiye pampu imakweza mtunda wautali ndi mphamvu yomweyo. Mvula ikagwa zimabwerera.

Nthambo yowonda. Mapampu a mavolti 24 kapena 48 amakoka magetsi ambiri, ndipo waya wa m'nyumba wa 1.5 mm² pa mtunda wautali umangotentha, mphamvu n'kutayikira m'njira. Pa mtunda wotere pamafunika ya 4 mm² kapena 6 mm², malinga ndi kabuku ka pampuyo. Gwirani kunja kwa nthambo masana: ikakhala yofunda pamthunzi, ndi yaing'ono.

Panelo yawonongeka. Galasi long'aluka, madontho opserera, kapena kabokosi kakumbuyo kotupa. Mavolti a mzere wonse amaperewera.

Pampu yadyeka. Ngati zonsezi zili bwino ndipo madzi akhala akuchepa pang'onopang'ono kwa miyezi, mchenga wadya zamkati. Pa pampu yokhala ndi chitsulo chopotana chozungulira mu labala, labalayo imasinthidwa payokha osagula pampu ina.

## 3. Imayamba n'kuzima, n'kuyambanso

Funso loyamba ndi lakuti zikuchitika nthawi yanji.

- M'mawa, madzulo kapena mtambo ukadutsa: mphamvu ikuchepa. Ngati zikuchitikanso masana, tsukani mapanelo, onani mthunzi, ndipo mwina mapanelo ndi ochepa pa pampuyo.
- Masana dzuwa likuswa mtengo, itapopa bwino kwa mphindi zingapo, madzi n'kuyamba kutuluka modukizadukiza ndi mpweya: pampu ikupopa msanga kuposa mmene madzi akulowera mu mjigo. Ili ndi vuto lofunika kulisamala, chifukwa madzi omwewo ndi amene amaziziritsa pampu, ndipo labala ya mkati imapsa m'kanthawi kochepa ikazungulira youma. Chepetsani liwiro pa kontirola, popeza ambiri ali ndi posinthira. Madzi ochepa otuluka tsiku lonse amadzaza thanki kuposa ambiri a mphindi khumi. Kutseka vavu pang'ono kumathandiza pa pampu ya mapiko ozungulira yokha. Pa ya chitsulo chopotana musatero, mumangoilemetsa.
- Masana, kontirola ikutentha moti dzanja silikhalapo: ikudziteteza. Iikeni pamthunzi, kunsi kwa mapanelo, pamene mphepo ikudutsa. Kabokosi kamalata kotsekedwa konsekonse kamaiphika.
- Nthawi ina iliyonse, mosadziwika bwino: waya womasuka. Magetsi atazima, kokani pang'ono waya uliwonse pa kontirola, mumange zomangira.
- Thanki ikatsala pang'ono kudzaza: madzi olowa akugwedeza kachipangizo koyandama. Kasunthireni kutali ndi paipi yolowera.

Kutsitsa pampu kumathandiza pokhapokha ngati malo alipo. Isafike pansi penipeni pamene pamakhala matope.

## 4. Ikulira koma madzi sakutuluka

Musaisiye ikulira. Izimitseni, ndipo muziiyatsa kwa kanthawi kochepa poyesa.

Pa pampu ya mu mjigo:

1. Vavu ina yatsekedwa. Ana amasewera nazo.
2. Dzuwa ndi lochepa, pampu ikuzungulira koma madzi sakufika pamwamba. Yesani masana.
3. Ngati wina wangokonza kumene nthambo, mota ikuzungulira chobwerera. Mota ya mawaya atatu imatembenuka awiri akasinthana. Abwezeretsedwe monga mwa manambala kapena mitundu ya m'kabuku.
4. Paipi ya mu mjigo yang'ambika kapena yavuka. Ikani khutu pakamwa pa mjigo: mukamva madzi akugwera pansi, ndi zimenezo.
5. Madzi atsika kupitirira pampu, kapena zamkati zathyoka.

Pa pampu yapamtunda, yokoka mumtsinje, padamu kapena pachitsime chakudimba, mdani wake ndi mpweya:

1. Paipi yokokera ilibe madzi. Thirani madzi pakabowo kake mpaka asefukire.
2. Vavu ya kumapeto kwa paipi yagwidwa ndi kamwala kapena kaudzu, ndipo madzi akubwerera. Itsukeni.
3. Polumikizira pakulowa mpweya. Kabowo kosaoneka n'komwe n'kokwanira. Mangani bwino ndi tepi ya mapaipi ndi zomangira zachitsulo.
4. Sefa yakwiririka m'matope kapena yakutidwa ndi ndere. Iikeni m'dengu kapena m'chidebe chobooledwa, itakwera pang'ono kuchoka pansi.
5. Madzi ali patali. Pampu yapamtunda siikoka kupitirira mamita pafupifupi 7 kuchokera pamwamba pa madzi, kaya ndi yamphamvu chotani, ndipo m'madera okwera monga Dedza ndi Mzuzu malirewo amacheperako. Madzi akatsika m'chilimwe, tsitsirani pampuyo kufupi nawo.

## 5. Thanki ikusefukira, kapena ikuphwa usiku

Kusefukira ndi nkhani ya kachipangizo koyandama: kakodwa, kalowa madzi, kapena waya wake waduka. Musachedwe nako, chifukwa madzi otayika amafewetsa nthaka ya pamaziko, ndipo thanki ya malita 5,000 yodzaza imalemera matani 5.

Ikamaphwa usiku, madzulo tsekani vavu yotulutsira, mulembe pamene madzi alekeza. M'mawa mukapeza ali pomwepo, kudontha kuli m'mapaipi opita kumipope kapena kuchimbudzi chamadzi. Akatsikabe, mwina thanki yang'aluka, mwina paipi yolowera ili pansi ndipo madzi akubwerera mu mjigo chifukwa vavu yowaletsa yatha. Chizindikiro china cha vavu imeneyi n'chakuti m'mawa pampu imalira nthawi yaitali madzi asanafike.

## 6. Madzi asintha

Tungani m'ndowa yoyera, muwasiye mphindi khumi, muone pansi.

- Mchenga: pampu ili kufupi ndi pansi, kapena ikupopa mwamphamvu kwambiri. Ikwezedwe, liwiro lichepe. Mchenga ukayamba mwadzidzidzi pa mjigo womwe unali woyera, mapaipi otchinga makoma ake angakhale atasweka. Zimitsani, muitane okumba mijigo adzautsuke ndi kompuresa.
- Matope mvula ikagwa: madzi apamtunda akulowa. Konzani simenti ya pakamwa pa mjigo, ndipo madzi akumwa muwawiritse kapena kuthira kolorini mpaka atayezedwa.
- Ofiirira, onunkha dzimbiri: mapaipi achitsulo akudyeka, kapena nthakayo ili ndi chitsulo chambiri. Mapaipi apulasitiki akuda amachotsa vuto loyambalo.
- Amchere: n'zodziwika m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje. Si vuto la pampu, koma mcherewo umadya zitsulo zake msanga.

Ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu ingakuuzeni kokayezetsa madzi.

## 7. Ngati pampu imadalira inveta ndi mabatire

Ena amatenga pampu wamba ya magetsi a m'nyumba n'kuilumikiza ku sola ya panyumba. Inveta (bokosi losandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba) ikamalira n'kuzima pampu ikangoyatsidwa, chifukwa chake n'chakuti mota yotere poyamba imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa olembedwa pa iyo. Zimitsani firiji ndi zina, muyese masana. Onani mitu ya mabatire ngati yachita zoyera kapena yamasuka. Batire ya asidi ya mavolti 12 ikapuma imaonetsa pafupifupi 12.6 ikakhala yodzaza, ndipo ikafika cha pa 12.1 yatsala theka. Kuipyoza pamenepo tsiku ndi tsiku kumaipha msanga.

Maganizo anga ndi akuti kupopa usiku ndi mabatire n'kuwononga ndalama. Popani masana, madzi akhale m'thanki. Thanki imakhala zaka zambiri, pamene mabatire amafuna kugulidwanso.

## 8. Yaima kutagwa mvula ya mphenzi

Mphenzi siichita kufunika kugunda mapanelo. Ikagwa chapafupi, mphamvu yake imayenda m'nthambo zazitali, makamaka ya kachipangizo ka m'thanki. Onani bureka, fyuzi ndi kachipangizo koteteza ku mphenzi, kamene kawirikawiri kali ndi kawindo kosintha mtundu kakapsa. Kontirola ikamanunkha kupsa, musaiyatse. Pokonza, mmisiri aonetsetse kuti chitsulo cha mapanelo ndi kontirola zalumikizidwa ku ndodo ya kopa yokhomedwa pansi, ndipo muone ngati waya umenewo sunabedwe.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana mmisiri

- Pali fungo la kupsa, utsi, kapena pulasitiki yosungunuka.
- Bureka kapena fyuzi yagwanso mutaibwezeretsa.
- Mpope, paipi kapena chitsulo cha mapanelo chikugwira munthu. Zimitsani zonse, ana asayandikire.
- Mapanelo anu pamzere amapitirira mavolti 120 ndipo pafunika kugwira mawaya.
- Pafunika kuyeza mota. Mmisiri amayeza mawaya ake atatu awiriawiri kuti aone ngati akufanana, ndiponso ngati magetsi sakuthawira m'madzi. Zonsezi amachitira pamtunda, pampu ili pansi. Amene akufuna kuzula asanayeze, mufunseni chifukwa chake.
- Pafunika kulumikiza nthambo yokhala m'madzi. Pali zomatira zake zapadera. Tepi yakuda imalowa madzi m'masabata ochepa.
- Pampu ikufunikadi kuzulidwa. Imakokedwa ndi paipi ndi chingwe chake, osati ndi nthambo yamagetsi, ndipo pamafunika anthu okwanira. Ikakakamira, musalimbane nayo.
- Wina akuti alowe m'chitsime chokumba pamanja. Pansi pamatha kusowa mpweya, munthu n'kukomoka osakuwa n'komwe, ndipo wotsikira kukamupulumutsa amagweranso momwemo.
- Pampu ikadali pa galanti. Kuitsegula nokha kungathetse galantiyo, choncho yambani mwafunsa amene anakugulitsani.

Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa amisiri a zamagetsi ndi sola, ndipo si mwano kupempha kuti muone chiphasocho. Zokumba kapena kuzamitsa mjigo zimayang'aniridwa ndi National Water Resources Authority. Pomuimbira mmisiri muuzeni dzina ndi nambala ya pampu, chiwerengero cha mapanelo ndi mawati ake, nyale imene ikuyaka kapena nambala imene kontirola ikuonetsa, nthawi imene vuto limayamba, ndi masekondi a chigubu akale ndi a lero. Mutumizireni pa WhatsApp zithunzi za kontirola ndi pepala la kumbuyo kwa panelo, kuti abwere atanyamula zipangizo zoyenera ulendo umodzi.